Makina otsika mtengo a 3D oumba ndi utomoni

Makina a 3D a utomoni ndi makina amene amaumba zinthu poumitsa utomoni wamadzimadzi ndi kuwala, kagawo kamodzikamodzi. Ena amapangidwa ndi ndalama zimene anthu amasonkha pa intaneti makinawo asanatuluke, choncho wosonkha akhoza kupindula kapena kutaya ndalama. Mu 2012, kampani ya ku America ya Formlabs inasonkhetsa madola pafupifupi 3 miliyoni pa Kickstarter ndipo inatulutsadi makina a Form 1. Koma ntchito ya Peachy Printer ya ku Canada, yolonjeza makina a madola 100 mu 2013, inagwa mu 2016 osonkha ambiri asanalandire kanthu.

Makinawa amaumba tizidole tosalala bwino, koma mwiniwake amagulabe utomoni, mankhwala otsukira ndi magolovesi, chifukwa utomoni wosauma umayabwa pakhungu.