Khomo la chipatala likavulaza waulumali, mlandu ndi wa yani?

Odwala a kumwera kwa Lilongwe amadalira zipatala monga izi: cha boma cha Mitundu, chaching'ono cha Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, ndi cha mishoni cha Likuni, chomwe ndi cha mpingo wa Katolika ndipo chili m'bungwe la zipatala za mipingo la CHAM. Matenda akakula, ambulansi imathamangira ku Kamuzu Central. Kwa munthu woyenda pa wilitcheya kapena ndi ndodo, ulendowu umavuta kwambiri pa mamita ochepa omaliza: masitepe, ngalande ya pakhonde, ndi chitseko chenichenicho.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali. Dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, lidakhazikitsa lamulo la zaulumali mu 2012, ndipo mu 2024 kudabwera lamulo latsopano lomwe lidabala bungwe loona za aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA. Papepala zonse zili bwino: nyumba zothandizira anthu zikhale zoti aliyense alowemo.

M'maiko akunja, milandu ya zitseko zotseguka zokha si yachilendo. Chitseko chotere chimayendera sensa. Sensa ikaona munthu, chimatseguka; ikaleka kumuona, chimabwerera. Woyenda changu amadutsa bwinobwino. Koma gogo wa ndodo, kapena gadiyani amene akulimbana ndi tayala la wilitcheya pakhomo, amachedwa, ndipo sensa yosakonzedwa imayesa kuti pakhomo palibe munthu. N'chifukwa chake kumeneko zipatala zimayesa zitsekozi pafupipafupi ndi kusunga kaundula wa tsiku limene zidakonzedwa. Kuno kwathu, amene akulota zoika zitseko zotere m'zipatala zatsopano ayambe wayankha funso la magetsi: ESCOM ikathimitsa, chitsekocho chidzaima chotsegula kapena chotseka? Ndipo mmisiri wake ali kuti?

Kumidzi zitseko zidakali zokankha ndi manja, koma lamulo ndi lomwelo. Mwini nyumba ali ndi udindo woonetsetsa kuti wolowamo asavulale chifukwa cha kulekerera. Vuto n'lakuti wodwala akagwa, abale amangoti tsoka silinunkha, n'kuthokoza kuti adokotala amumanga bandeji. Ambiri amaopa kudandaula poganiza kuti mawa adzabweranso pa khomo lomwelo kudzapempha mankhwala. Manthawa ndi omveka, koma ndi amene amasunga sitepe yosweka kwa zaka.

Njira ya chipepeso imasiyana malinga ndi mwini chipatala. Cha boma, monga Mitundu kapena Nathenje, wosumiridwa amakhala loya wamkulu wa boma, ndipo lamulo limafuna kuti ayambe walandira kalata yomudziwitsa, padutse miyezi itatu mlandu usanalowe m'khoti. Cha mishoni, mlandu umalunjika kwa eni chipatalacho. Wopanda ndalama ya loya angapite ku Legal Aid Bureau.

Si zonse zofunika khoti. Kuyambira 2018, m'zipatala za boma mudayamba kuikidwa ma ombudsman olandira madandaulo a odwala. Ofesi yaikulu ya Ombudsman idaonetsa mano ake mu 2019, pamene Martha Chizuma, yemwe panthawiyo adali Ombudsman, adatulutsa lipoti la amayi ochotsedwa chiberekero m'zipatala zikuluzikulu za boma. Malawi Human Rights Commission ndi bungwe la aulumali la FEDOMA nawo amamva nkhani za ufulu wa aulumali.

Kulikonse kumene dandaulo lingapite, woyamba kufunsidwa ndi umboni. Gadiyani apemphe kuti m'kabuku ka kuchipatala mulembedwe tsiku lomwelo kuti bala lachitikira pakhomo pa chipatala, atenge maina a amene adaona, ndipo ngati ali ndi foni ajambule malowo asanakonzedwe.