Mutu 6: Mlenje wa M'thengo ndi Mlenje wa Mumsewu

Mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, umadziwika ndi usodzi: mabwato, zilimila ndi usipa wouma pa matandala. Koma kumbuyo kwa mudziwu kuli mapiri a miyala okutidwa ndi mitengo, momwe mumakhala anyani, apusi, mbira, agwape, mbawala, nguluwe ndi zinkhoma. Chiyambire 1980 mapiriwa ali mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo ndi ina mwa midzi yomwe inazingidwa ndi pakiyi. Anthu ake amaloledwa kutola nkhuni zouma potsata chilolezo, koma kusaka nyama n'koletsedwa.

Malo amenewa ndi abwino kuphunzirirapo za mitundu iwiri ya ulenje yomwe alenje a m'maiko ambiri amakanganirana mpaka lero. Wina amasiya mudzi, n'kulowa m'thengo wapansi, katundu ali kumsana, n'kukagona komweko. Wina amayenda pa galimoto, maso ali m'mbali mwa msewu, mfuti ili pamiyendo. Onsewa akufuna nyama, koma thengo limawaona mosiyana.

Ulenje wa miyendo

Makolo athu ankadziwa ulenje wamitundumitundu. Panali uzimba, pomwe amuna a mudzi wonse ankatuluka ndi agalu, mikondo, mauta ndi zibonga, kawirikawiri m'chilimwe tchire litapsa. Panalinso mlenje weniweni, woyenda yekha kapena ndi anzake awiri atatu, yemwe ankatha masiku angapo asakuoneka pakhomo.

Katundu wake anali wochepa: ufa wa kamba, mchere pang'ono, kamphika, mpeni, nkhwangwa, madzi m'chipanda, ndi uta kapena mfuti yagogodera. Zotsalazo ankanyamula m'mutu. Ankadzuka kusanache, chifukwa mame amasunga mapazi a nyama ndipo dzuwa likakwera amafufutika. Akapeza ndowe ankazikhudza ndi chala kuti adziwe ngati nyamayo yadutsa posachedwa kapena dzulo. Ankatapa fumbi kapena phulusa n'kulisiya kuti ligwe pang'onopang'ono, aone komwe mphepo ikulowera, pakuti mbawala imamva fungo la munthu isanamuone. Kuti muvi ufike, kapena mfuti yagogodera yomwe imalira kamodzi n'kufuna kuithiranso wonga, ankayenera kuyandikira kwambiri, nthawi zina chokwawa. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ulenje wotere unali sukulu ya kudekha kumeneko.

Ntchito yaikulu inkayamba nyama ikagwa. Gwape amalemera makilogalamu 15 mpaka 20, ndiye munthu mmodzi amamukoleka paphewa n'kumapita. Nguluwe yaikulu imapitirira makilogalamu 60. Kutsika nayo phiri la miyala dzuwa la Okutobala lili paliwombo si masewera. Nchifukwa chake mlenje ankamanga msasa, n'kusenda nyamayo, kuilenga mizongo, n'kuiwamba pamoto usiku wonse kuti ipepuke komanso isaole. Moto womwewo unkathamangitsa afisi.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mlenje wa miyendo anali ndi malire omwe sanaikidwe ndi boma: mphamvu za msana wake, madzi a m'chipanda, ndi kutalika kwa njira yobwerera. Kupha nyama zitatu pomwe ungathe kunyamula imodzi kunali kudyetsa miimba. Pamwamba pa izo panali miyambo. Mlenje ankadziletsa za m'nyumba asanapite kuthengo, nyama inkagawidwa motsata dongosolo, ndipo mfumu inkalandira gawo lake. Akapha njovu, mnyanga womwe wagwera pansi unali wa mwini dziko.

Msewu utafika

Malonda a minyanga a m'zaka za m'ma 1800, omwe ankadutsa kumwera kwa nyanja ya Malawi kulowera kugombe la Indian Ocean, anali atayamba kale kusokoneza malirewa, chifukwa nyama inasanduka chuma chogulira nsalu, mfuti ndi wonga. Pamene amishoni a Livingstonia ankafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala, mfuti zinali zitafala m'derali. Kenaka kunabwera misewu ndi magalimoto.

Galimoto imachotsa malire onse atatu aja. Imanyamula nyama zambiri, imanyamula madzi, ndipo mtunda womwe wapansi amayenda masiku awiri imaumaliza mu ola limodzi. Komanso nyama zambiri siziopa galimoto ngati mmene zimaopera munthu woyenda ndi miyendo iwiri, choncho zimaima n'kumayang'ana. Usiku zimaipiratu. Gwape akawalitsidwa ndi nyali yamphamvu amangoti njo, maso ali phuliphuli, osadziwa kothawira. Wowombera safunika kudziwa mapazi, mphepo kapena dzina la phiri lomwe ali.

Maboma anazindikira msanga vutoli. Pangano lomwe linasainidwa ku London mu 1933 loteteza nyama ndi zomera za mu Africa linaletsa kusaka pogwiritsa ntchito galimoto kapena ndege, ndipo linatsutsanso nyali zothobwa m'maso ndi poizoni. Koma malamulo a atsamunda sanali achilungamo kwa onse. Ku Nyasaland, lamulo la nyama la 1926 linapanikiza kwambiri ulenje wa anthu akumudzi, pomwe mzungu wokhala ndi ndalama ankangogula laisensi n'kumawomba. Kuyambira pamenepo mlenje wa m'mudzi anayamba kuonedwa ngati wakuba m'thengo la makolo ake.

Mkangano womwewu kunja

Ku United States, lamulo la Wilderness Act la 1964 linapatula madera omwe galimoto siloledwa kulowamo. M'mapiri a Rocky, alenje ena amayenda masiku angapo ndi chikwama chachikulu kumsana, muli tenti, chakudya ndi chogonera, kufunafuna nyama yaikulu yotchedwa elk. Yamphongo imatha kupitirira makilogalamu 300, ndiye akaipha amaidula zigawo n'kuzituta maulendo angapo. Iwo amanyoza anzawo osakira m'misewu kuti ndi aulesi, pomwe enawo amayankha kuti okalamba ndi olumala nawonso ali ndi ufulu wosaka. Kafukufuku wa ku Starkey, m'chigawo cha Oregon, anaonetsa kuti nyamazi zimapewa misewu yodutsa magalimoto. Msewu umalanda nyama malo okhala ngakhale pomwe palibe wowombera.

Waya

Tisafulumire kunena kuti woyenda pansi aliyense ndi wosamala thengo. Chida chomwe chapha nyama zambiri m'Malawi m'zaka zaposachedwa chimalowa m'thengo ndi miyendo. Chidachi ndi khwekhwe wa waya. Msampha wakale wa luzi unkaola pakapita nyengo. Waya saola. Munthu mmodzi amatha kutchera makhwekhwe ambirimbiri madzulo amodzi, n'kukaonako ochepa okha. Otsalawo amangopha, osasankha yaikazi, yabere kapena mwana, ndipo njovu zina zaduka nazo zitamba. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira Liwonde National Park mu 2015, linachotsamo misampha ya waya yoposa 30,000.

Choncho chomwe chimasiyanitsa alenje si nsapato ndi matayala chabe. Funso ndi lakuti: kodi pali chomwe chikumuuza munthuyo kuti basi, zakwana? Mlenje wakale ankauzidwa ndi msana wake ndi mwambo. Galimoto, nyali, waya ndi msika wa nyama za m'tchire zinatseka pakamwa zonsezo, ndipo lamulo ndi lomwe linatsala. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 kundende pa milandu yaikulu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri.

Kumwera kwa nyanja thengo linachepa mpaka nyama zazikulu zinasowa pokhala. Njovu za ku Phirilongwe, kufupi ndi dera la Mfumu Nankumba, zitalimbana ndi anthu kwa zaka zambiri, kuwononga minda ndi kupha ena, zinasamutsidwa mu 2009 kupita ku Majete. Zinalipo 83.

Luso la mlenje wa miyendo silinathe ntchito. Ku Luangwa, m'dziko la Zambia, Norman Carr anayambitsa maulendo oonera nyama wapansi, ndipo ankadalira anthu a m'deralo odziwa kulondola mapazi. Asilikali oteteza nyama ku Liwonde, Majete ndi Nkhotakota amayenda masiku angapo m'thengo, ufa ndi madzi zili kumsana, chifukwa makhwekhwe ambiri satcheredwa m'mbali mwa msewu. Ku Chembe nako alendo amafuna wowaperekeza m'mapiri yemwe angawasonyeze pomwe nguluwe yafukula usiku ndi thanthwe lomwe chinkhoma chimaimapo. Achinyamata ofuna ntchito zimenezi akuyenera kufulumira kufunsa agogo awo, chifukwa odziwa kuwerenga thengo atsala ochepa ndipo zambiri zomwe amadziwa sizinalembedwe m'buku lililonse.