Mawu oyenera polemba za "tsamba lolowera" pa intaneti yogawidwa ndi foni

Foni yamakono imatha kugawirako zipangizo zina intaneti yomwe mwini wake wagula. Kugawa kotereku kudzera pa Wi-Fi kunayamba mu 2010 pa mafoni a Android, ndipo mu 2011 pa iPhone. Anthu ambiri amati "ndiyatsireko hotisipoti", ndipo liwuli lakhazikika kale pakamwa. Tikulilandira. Lilembedwe hotisipoti, chifukwa phatikizo lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liwu. Mgwirizano wake ukhale ngati wa foni: hotisipoti yanga, mahotisipoti awiri.

Chimene chikusokoneza alembi ndi china. Mwini golosale kapena mphunzitsi wogawira ena bandulo yake angafune kuti aliyense wolumikiza ayambe waona tsamba lomufunsa dzina kapena nambala asanaloledwe kupita pa intaneti, monga zimachitikira m'mahotela ndi m'mabwalo a ndege. Pa Chingerezi dongosolo limeneli amalitcha captive portal. Womasulira liwu ndi liwu angalembe "khomo la akaidi" kapena "chipata cha akapolo". Kumasulira kotere nkosokeretsa, pakuti palibe womangidwa. Munthu wangoimitsidwa pachipata kufikira atadzidziwitsa, monga mlendo amene wati "odi" ndipo akudikira kuyankhidwa. Choncho tsamba lenilenilo tilitche tsamba lolowera, ndipo dongosolo lonse tilitche chipata cha netiweki.

Alembi asasakanize tsamba lolowera ndi mawu achinsinsi a Wi-Fi. Mawu achinsinsi amafunsidwa chipangizo chisanalumikizidwe, ndipo pa chitetezo cha WPA2 sachepera zilembo 8. Iwo ndiwo amathandiza kubisa uthenga woyenda m'mlengalenga pakati pa chipangizo ndi foni. Tsamba lolowera limadza chipangizo chitalumikizidwa kale, ndipo palokha silibisa kanthu. Wolemba malangizo akatchula zonsezi ndi liwu limodzi loti pasiwedi, owerenga angachotse mawu achinsinsi poganiza kuti tsambalo likuwateteza, pamene uthenga wawo uli pambalambanda.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkofunika kukadziwa kuti mneni asankhidwe bwino. Chipangizo chikalumikizidwa chimatumiza funso laling'ono kwa kompyuta yodziwika pofuna kuona ngati intaneti ilipo. Cha Android chimayembekezera yankho lopanda mawu, la nambala 204, pamene cha Apple chimayembekezera tsamba lokhala ndi liwu loti Success. Chipata cha netiweki chimagwira funsolo ndi kubweza yankho lina, ndipo chipangizo chikaona kuti yankho si limene chimayembekezera chimatsegula tsamba lolowera. Mneni woyenera pano ndi kupatutsa. Tisati kutseka, chifukwa njira siinatsekedwe, yangokhotetsedwa. Masamba otetezedwa ndi HTTPS sapatutsika mosavuta. Msakatuli amachenjeza kuti pali cholakwika. Ichi nchifukwa chake mu 2020 akatswiri anafalitsa muyezo wa RFC 8910 wakuti netiweki izidziwitsa yokha chipangizo kumene kuli tsambalo.

Nanga foni payokha ingachite zimenezi? Hotisipoti wamba ya iPhone kapena Android ilibe chipata chotere. Imalola kusintha dzina la netiweki ndi mawu achinsinsi, ndipo mafoni ena amalolanso kuchepetsa chiwerengero cha olumikiza. Kuti foni ya Android ipatutse mafunso a zipangizo zina, nthawi zambiri mwini wake ayenera kuyamba wathyola malire amene opanga anaika, zomwe zimafooketsa chitetezo cha foniyo. Njira yodalirika ndi kulumikiza foni ku kachipangizo kogawa netiweki, monga ka MikroTik kapena koyendera OpenWrt, ndipo tsambalo likhale m'kachipangizomo. Akonzi akalandira nkhani yonena kuti "foni yanu ikhoza kufunsa dzina la aliyense wolowa", afunse mlembi kuti akunena foni yanji.

Pomaliza, za kalembedwe. Lembo la r limatsatira e ndi i, pamene l amakhala m'malo ena onse. Kotero tilembe lolowera, osati lolowela. Kulumikiza, osati kurumikiza. Kachipangizo kogawa netiweki kaja, tikakatchula ndi dzina lobwereka, tilembe lauta. Maina a Wi-Fi, Android ndi iPhone asiyidwe monga eni ake amawalembera.