Kodi Mlendo wa Hema Agone Pati ku Mzimba?

Aliyense amene amakhala m'mbali mwa msewu waukulu wa M1, kuyambira pa Jenda mpaka kukafika ku Chikangawa, anazionapo galimoto zija zimadutsa m'miyezi yopanda mvula zitasenza katundu mpaka padenga, zina za manambala a ku South Africa, zina a ku Germany. Zina mwa izo ndi nyumba zenizeni zoyenda pa matayala, pakuti m'kati mwake muli bedi, mbaula ya gasi ndi thanki ya madzi. Zina zili ndi hema wopinda padenga, woti dzuwa likalowa mwini wake amangotambasula, nakwera pa makwerero kukagona. Ana amazithamangira nazibayibitsa, koma ndi ochepa mwa ife akuluakulu amene anadzifunsapo kuti kodi anthu amenewa mdima ukagwa amakaima pati. Funsoli likuoneka ngati la alendo okha, komatu likutikhudza ife aphunzitsi amene timafuna kutenga ana kukaona dziko lawo pa ndalama zochepa, ndiponso achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo akufunafuna chochita.

Tiyambe ndi kuvomereza zimene mapu akunena. Boma la Mzimba ndilo lalikulu koposa maboma onse m'Malawi, ndipo kalembera wa chaka cha 2018 anapezamo anthu oposa 900,000, osawerengera a mu mzinda wa Mzuzu; koma ukulu wonsewu bomali silikhudza Nyanja ya Malawi ngakhale pang'ono. Pakati pa ife ndi nyanja paima mapiri a Viphya, ndipo mchenga wa ku Chintheche ndi ku Kande uli m'boma la anzathu a ku Nkhata Bay. Tsono munthu amene wafika pa tauni ya Mzimba ndi hema wake, mtima uli pa kugona m'mphepete mwa madzi, asataye nthawi kufunsa njira ya kugombe. Pa tauni pomwepa pali nyumba zogona alendo, msika, chipatala ndi pomwetsera mafuta, ndipo ndi malo abwino ogulirapo ufa, ndiwo ndi machesi. Koma madzi amene angagone pambali pake ali kumtunda, m'kati mwa nkhalango.

Malo amene ndingatchule poyamba, mosakayika konse, ndi Luwawa. Wochokera ku Kasungu akadutsa pa Jenda napitirira chakumpoto, asanafike pamphambano yolowera ku tauni ya Mzimba, amapeza njira yafumbi yokhotera kum'mawa, ndipo akaitsata mtunda wa makilomita ngati 10 amafika pa damu la Luwawa. Pafupi ndi damulo pali Luwawa Forest Lodge, nyumba ya alendo imene ilinso ndi bwalo la omanga mahema ndi la galimoto zogonamo zija. Chimene mlendo amalipira pa malo otere sindicho udzu umene wagonapo ayi. Amalipira madzi akumwa, chimbudzi, posambira, malo osonkhapo moto osaopsa nkhalango, ndi mlonda amene ali maso iye ali m'tulo. Zinthu zisanu zimenezi ndizo zimasiyanitsa bwalo la mahema ndi thengo wamba, ndipo mphunzitsi amene akukonza ulendo wa ana azifunse chimodzichimodzi asananyamuke, pamodzi ndi mtengo wake, pakuti mitengo imasintha ndipo mwina gulu la ana a sukulu lingathe kumvana ndi eni malo pa mtengo wina.

Kuti timvetse chifukwa chake pali damu ndi nyumba ya alendo pakati pa tchire lotere, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kuyambira chaka cha 1964 boma linayamba kubzala mitengo ya paini yochuluka zedi pa mapiri a Viphya, mpaka munda wonse unafika mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo unkatchulidwa pakati pa nkhalango zazikulu koposa zobzalidwa ndi manja a anthu mu Africa muno. Cholinga chinali chakuti mitengoyo idzidyetsa fakitale yopanga zipangizo za mapepala imene inayenera kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula, nikhwima, nidikira ntchito imene sinabwere, kufikira anthu anaitembenukira ndi masowo kuti achekemo matabwa. Mu 1999 kampani ya Raiply inatenga fakitale ya matabwa ya ku Chikangawa pamodzi ndi gawo lina la nkhalangoyo. Mbali yaikulu ya gawo lotsala inatha ndi kudula kopanda kubzala ndiponso moto wolusa chaka ndi chaka, kotero kuti amene anadutsa ku Chikangawa m'zaka za m'ma 1980, mumdima wa mitengo masanasana, lero amadutsa m'mapiri ambiri a zitsa ndi udzu. Misewu ya m'nkhalango, madamu ndi nyumba za alendo monga za ku Luwawa ndi ku Kasito zinabadwa ndi ntchito imeneyi ya zankhalango. Mwana wa Fomu 3 amene wagona usiku umodzi ku Luwawa, naona ndi maso ake mbali imene mitengo yasungidwa ndi mbali imene yapsa, sadzafunanso kuloweza pamtima tanthauzo la kukokoloka kwa nthaka.

Mbiri imeneyi ndiyo ikutipatsa lamulo loyamba la mlendo wa hema pa Viphya, ndilo la moto. Masamba a paini akagwa amaunjikana pansi ngati mphasa yokhuthala, ndipo ali ndi utomoni umene umayaka ngati parafini. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, khala limodzi losiyidwa m'phulusa likhoza kunyeketsa mitengo imene inatenga zaka 25 kuti ikule. Moto usonkhedwe pamalo pokhapo pamene eni malo aloza, ndipo uzimitsidwe ndi madzi mpaka phulusa lizizire loti munthu n'kuligwira ndi dzanja. Kukwirira ndi dothi kokha n'kudzinamiza, chifukwa makala amakhala amoyo pansi pa dothi mpaka m'mawa.

Chachiwiri ndi chisanu, ndipo apa ndi pamene anthu a kuchigwa amapusitsidwa. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene mapiri a Viphya m'malo ambiri amapitirira mamita 1,500. Ophunzira a jogalafe akudziwa kuti munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6. Onjezanipo nkhungu ndi mphepo ya mwezi wa Juni ndi Julaye, mudzamvetsa chifukwa chake mnyamata wa ku Nkhotakota amene wabwera ndi bulangete limodzi amachezera kuphwanya mano. Hema asamangidwe pansi penipeni pa dambo, ngakhale udzu wake ukhale wofewa chotani, popeza mpweya wozizira ndi wolemera ndipo usiku umatsikira kumeneko ngati madzi. Malo okwererapo pang'ono ndiwo abwino, kutali ndi mitengo youma imene nthambi zake zingathyoke ndi mphepo. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha mphunzitsi aliyense kuti achinene kawiri kwa ana ake: mbaula ya makala isalowe m'hema kapena m'galimoto yotseka. Makala akamanyeka m'malo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena utsi, ndipo wogona amangopitirira nalo tulo osadzukanso.

Nanga kumene kulibe bwalo lokonzedwa kale? Kumwera kwa Mzimba, m'madera a Inkosi Mzukuzuku, Inkosi Mabilabo, Inkosi Mzikubola ndi Inkosi Khosolo, mlendo angayende tsiku lonse osaona chikwangwani choitana anthu a mahema. Ena mwa alendo akunja amaganiza kuti malo opanda nyumba ndi malo opanda mwini. Kuno kwathu malo otero kulibe. Nkhalango zotetezedwa monga Perekezi zili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango pansi pa lamulo la nkhalango la 1997, ndipo wofuna kugonamo ayambe waonana ndi akuluakulu a ofesi imeneyo. Kwina konseko ndi dziko la mafumu, ndipo khomo lake ndi nyakwawa ya mudzi. Safunsa anadya phula. Mlendo wotopa akaona kankhalango kowirira bwino pafupi ndi mudzi, pakati pa minda yopanda mtengo, amati wapeza mthunzi wabwino, osadziwa kuti mitengo yotere kawirikawiri yatsala chifukwa ndi manda. Kumanga hema pamenepo ndi mlandu umene kupepesa kwa pakamwa sikungauthetse.

Njira yake ndi yapafupi. Fikani dzuwa lisanalowe, imikani galimoto patali pang'ono, perekani moni, ndipo ngati mungathe perekani m'Chitumbuka, chimene ndicho chiyankhulo cha anthu ambiri kuno. "Monire" mmodzi amatsegula zitseko zambiri. Fotokozani kumene mwachokera, kumene mukupita ndi chiwerengero chanu. Kawirikawiri mudzalozedwa ku bwalo la sukulu kapena la tchalitchi, kumene kuli mjigo ndi chimbudzi, ndipo kumenekonso mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa mpingo ayenera kuvomereza. Musayandikire khola la ng'ombe popanda kuitanidwa, pakuti kwa Angoni khola ndi malo aulemu, okhudza makolo amene anatsogola. M'mawa musachoke osatsazika, ndipo kanthu kakang'ono kothokoza, kaya ndi shuga kaya ndi sopo, sikachititsa manyazi wopereka kapena wolandira.

Wina anganene kuti zogona m'misasa ndi mwambo wa azungu. Mbiri ya boma lino ikukana. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835 tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, anayenda zaka makumi angapo akumanga ndi kusiya midzi asanakhazikike kuno. M'busa Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia, amene mu 1902 anakhazikitsa siteshoni ya Loudon ku Embangweni, ankaitanitsa misonkhano yaikulu ya masiku angapo, woyamba ku Ekwendeni mu 1898, ndipo anthu zikwizikwi ankabwera wapansi ndi ufa pamutu, nagona m'misasa ya udzu ndi masamba. Ngakhale lero, mwambo wa Umthetho ukafika m'mwezi wa Ogasiti, anthu amasonkhana patsinde pa phiri la Hora, kumpoto kwa tauni ya Mzimba, pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndipo si onse amene amapeza denga la malata. Pamene Baden-Powell ankatenga anyamata ake oyamba kukagona m'mahema pa chilumba cha Brownsea mu 1907, anthu a kuno anali atazolowera kale kugona pansi pa nyenyezi. Chachilendo ndi nsalu yokha.

Chimene chimandidabwitsa ndi chakuti m'boma muno, m'mene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, muli anyamata ambiri amene angakuuzeni malo onse oimapo basi kuchokera pa Jenda mpaka ku Johannesburg, koma sanapondepo pa damu la Luwawa, ulendo wa maola ochepa kuchokera kwawo. Sindikuwadzudzula, pakuti njala ndiyo imasankha njira. Koma alendo a galimoto zija amafuna anthu odziwa njira za m'mapiri, odziwa maina a mbalame ndi mitengo, otha kufotokoza mbiri ya Hora m'Chingerezi chomveka, ndipo ntchito imeneyi munthu wa satifiketi ya MSCE angaiphunzire. Mudzi umene uli pafupi ndi msewu, wokhala ndi mjigo ndi mitengo ingapo ya mthunzi, ungathe kukambirana ndi amfumu ndi a khonsolo za kukonza bwalo laukhondo la mahema popanda kumanga nyumba ya njerwa ndi imodzi yomwe. Chovuta chachikulu pa ntchito yotere ndi chimbudzi ndi chitetezo, ndipo amene sangathe kusamala ziwirizi tsiku ndi tsiku asaiyambe n'komwe.

Amene akufuna nyama zakuthengo apite kumpoto, ku nyanja yaing'ono ya Kazuni m'nkhalango yotetezedwa ya Vwaza, kumalire a Mzimba ndi Rumphi, kumene mvuu zimakhala m'madzi ndipo njovu zimabwera kudzamwa m'chilimwe. Kumeneko munthu samanga hema pamene wafuna, koma pamene alonda a nyama amulozera, ndipo avale zovala zophimba mikono ndi miyendo chifukwa cha ntchentche za kashembe zimene zimafalitsa matenda a kaodzera.

Koma kwa gulu la ana a sukulu za kumwera kuno, ine ndingasankhe Luwawa, m'mwezi wa Meyi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Mu Meyi mvula yatha, misewu yafumbi yauma, udzu ukadali wobiriwira ndipo ngozi ya moto ndi yochepa. Kuyambira Disembala mpaka Epulo matope a m'nkhalango amagwira ngakhale galimoto zamphamvu. Kwa amene ali ndi miyendo yolimba, kuchokera ku Luwawa kuli njira ya wapansi ya masiku atatu kapena anayi yotsikira kum'mawa mpaka kunyanja, chakufupi ndi Chintheche, kugona m'mahema usiku uliwonse. Njira imeneyi siyendedwa popanda wotsogolera wodziwa malowo, ndipo mphunzitsi alembe kalata kwa makolo ndi kwa akuluakulu a zamaphunziro nthawi ikadalipo, atengenso mankhwala a zilonda ndi mphika wowiritsira madzi akumwa. Masikito asaiwalike ngakhale kumtunda kulibe udzudzu wambiri, pakuti usiku wotsiriza udzakhala wa kugombe, kumene malungo ali pakhomo, ndipo ana akafika pamadzi aletsedwe kusamba m'malo a bango ndi madzi odikha, m'mene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.