Kucokera ku Mandevu Kufika ku Chipata: Ola Limodzi M'mwamba, Tsiku Lathunthu Pansi

Uthenga wa maliro ukafika m'komboni ya Mandevu, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, abale amayamba ndi kufunsana kuti: kodi tikafika kumudzi asanaike? Mabanja ambiri a m'komboniyi kwao ndi kucigawo ca Kum'mawa. Kumudzi nakonso akuluakulu amadandaula kuti ndeke zimauluka tsiku ndi tsiku, nanga mwana wao acedweranji?

Mtunda wa m'mwamba pakati pa Lusaka ndi Chipata, umene unakhala mzinda m'caka ca 2017, ndi makilomita pafupifupi 500, pakuti ndeke imangolunjika monga mbalame. Ndeke yaing'ono imatha mtundawu pa ola limodzi ndi mphindi zowerengeka. Koma mseu wa Great East Road ndi wotalika makilomita pafupifupi 570, cifukwa umakhotakhota m'mapiri a Manenekela usanatsikire pa mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Basi imene yanyamuka mbandakuca pa Intercity imadzera ku Chongwe, Rufunsa, Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete, ndipo imafika ku Chipata patapita maola 8 kapena kuposerapo.

Womva ziwerengerozi angaganize kuti wokwera ndeke ndiye wanzeru. Komatu ulendo wa munthu umayambira pakhomo pace ndi kuthera pakhomo pa maliro. Bwalo la ndeke la Lusaka, limene linatsegulidwa m'caka ca 1967 ndi kupatsidwa dzina la Kenneth Kaunda m'caka ca 2011, lili kunja kwa mzinda. Wocokera ku Mandevu ayenera kupyola m'piringupiringu wa magalimoto, ndiponso afike pabwalopo kudakali ola lathunthu kuti matikiti ndi katundu zionedwe.

Kuonjezera apo, ndeke zambiri zopita kum'mawa zimatera ku Mfuwe, kumene zimatula alendo odzaona nyama m'nkhalango ya South Luangwa. Wotsikira kumeneko atsala ndi makilomita pafupifupi 100 kuti afike ku Chipata. Ngati kwao ndi ku Katete, aonjezerenso ena pafupifupi 90. Wa ku Petauke kapena ku Nyimba ndiye angacite kupitirira kwao, nayambanso kubwerera m'mbuyo, pamene basi ikadamtula pamphambano ya kumudzi kwace.

Palinso nkhani ya ndalama. Mtengo wa tikiti imodzi ya ndeke ungathe kunyamula anthu angapo pa basi, ndipo kumaliro sapita munthu mmodzi. Amapita mai, atsibweni ndi azilongo, atanyamula thumba la ufa, shuga ndi mcere zothandizira pa siwa. Katundu wotere m'ndeke amapimidwa pa sikelo, ndipo wopyola muyeso amalipiritsidwa padera.

Cotero wa ku Mandevu amene wamva uthenga madzulo amagona akusonkha ndalama kwa abale ndi anansi, nalawirira ku Intercity kusanace. Akatsika basi dzuwa litapendeka, amafunanso galimoto kapena njinga yomufikitsa kumudzi, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene timiseu ta kumidzi timadzala matope.

Nyakwawa ndi eni maliro akamapangana tsiku loika, ndi bwino kuwerengera tsiku lathunthu la ulendo wa pansi, ndi kutumiza lamya mwamsanga matenda akangofika pakayakaya. Akatero mwana wa ku Lusaka adzafika nthawi idakalipo, naponya nao dothi pa manda a kholo lace.