Kampani ya Inshuwalansi Ikakana, Nkhani Sinathe

Ku America, dokotala akalembera wodwala opaleshoni kapena mankhwala odula, kawirikawiri amadikira kaye chilolezo cha kampani ya inshuwalansi. Dongosololi limatchedwa managed care, ndipo linayamba kufalikira mu 1973 Pulezidenti Richard Nixon atasainira lamulo lolimbikitsa mabungwe otchedwa HMO.

Limayenda chonchi: boma kapena olemba anthu ntchito amapatsa kampani ndalama yoikika mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense, adwale asadwale. Kampani ikawononga zochepa, phindu limachuluka. N'chifukwa chake imalimbikitsa katemera ndi kuyezetsa msanga, zomwe n'zabwino. Koma imasankhanso zipatala zoti mamembala ake azipitako, ndipo imawerengera wodwala masiku ogona m'chipatala. Lero anthu ambiri a pa Medicaid, thandizo la boma la anthu osauka limene linayamba mu 1965, ali m'manja mwa makampani otere.

Lamulo la Affordable Care Act, limene Barack Obama anasainira mu 2010, linaletsa makampani kukana munthu chifukwa cha matenda amene anali nawo kale. Linalolanso ana kukhala pa inshuwalansi ya makolo mpaka zaka 26, ndipo linatsegulira osauka ambiri khomo la Medicaid, ngakhale khoti lalikulu linagamula mu 2012 kuti chigawo chilichonse chizisankha chokha.

Komabe kampani ingathe kukana kulipira thandizo lina, ndipo apa m'pamene ogwira ntchito yosamalira anthu amafunika kwambiri. Tinene kuti mayi wina wa pa Medicaid wadwala sitiroko, ndipo kalata yafika yoti kampani silipiranso zomuphunzitsa kuyenda. Kwawo amakhala yekha, m'nyumba ya masitepe. Womusamalira awerenge chifukwa chimene kampani yalemba, atenge kalata ya dokotala yotsimikiza kuti thandizolo n'lofunikadi, ndipo alembe zimene dokotala sangazione ali kuchipatala: masitepe aja, ndi kusowa womugwira dzanja. Apilo yotsutsa kukanako iyenera kulowa pasanathe masiku 60, ndipo ngati kuchedwa kungaike moyo pachiswe, kampani iyankhe m'maola 72. Ikakananso, boma la chigawocho limaimvanso nkhaniyo.

Wodwala amakhala wofooka, ndipo kalata zotere n'zovuta kumva. Ambiri amangozipinda n'kukhala chete. Womusamalira amene akudziwa malamulowa asalole kuti masiku 60 aja athe kalata ili m'thumba.