Chitseko Chotseka ndi Zenera Lotsekula

Ambiri a ife takhalapo tikudikira m'bale wathu panja pa chipinda cha opaleshoni, kaya pa chipatala cha boma kuno ku Milange, kaya kutsidya kwa malire pa chipatala cha mishoni cha Mulanje. Ena amakhumudwa anamwino akawakaniza kulowa kuti aone wodwala kapena kumupempherera. Lamulo limeneli si nkhanza ayi. Nkhani yagona pa mpweya.

Munthu aliyense, ngakhale atasamba, khungu lake limayoyola timamba tosaoneka ndi maso, ndipo tina timanyamula tizilombo toyambitsa matenda. Timambati pamodzi ndi fumbi timayandama mumpweya, ndipo tikagwera pa bala lotseguka, bala limatukusira ndi kuchita mafinya. M'chaka cha 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'maiko osauka odwala 11 mwa 100 alionse ochitidwa opaleshoni mabala awo amalowa tizilombo, ndipo muno mu Africa chiwerengerochi chimatha kufika 20 mwa amayi 100 obereka mwa opaleshoni.

N'chifukwa chake chipindachi chimamangidwa mosiyana ndi zina. Pamene zida zilipo, makina amasefa mpweya ndi kuulowetsa kuchokera kudenga, ndipo wakale umatulukira m'munsi mwa khoma. Akatswiri amalangiza kuti mpweya wonse uzisinthidwa ka 15 mpaka ka 20 pa ola. Wolowa umachuluka kuposa wotuluka, kuti mphepo izikankhira kunja, fumbi la pakhonde lisapeze njira. Chitseko chikamatsekulidwa kawirikawiri, kapena anthu akachuluka m'katimo, chitetezo chimenechi chimafooka.

M'chipinda chogona odwala lamulo limatembenuka. Kumeneko mdani wamkulu ndi chifuwa chachikulu cha TB, chimene tizilombo take timakhalitsa mumpweya wosayenda. Mankhwala ake oyamba ndi aulere: mazenera otsekula mbali zonse ziwiri, kuti mphepo idutse.

Tsono ife amene timayendera odwala tichitenji? Tipempherere pakhonde, pakuti pemphero silitchingidwa ndi chitseko. Tithandize wodwala kusamba ndi sopo asanapite ku opaleshoni. Tilowe m'chipinda cha odwala awiriawiri, osati gulu lonse la chigwirizano nthawi imodzi. Amene akutsokomola ayambe akhala kunyumba. Kukazizira, timufunditse wodwala bulangete lina m'malo motseka mazenera. Bala likayamba kutupa kapena kutulutsa mafinya kunyumba, tibwerere naye ku chipatala tsiku lomwelo.